COF ya Land Cruiser yoyenda msewu wa Makanjira: yambirani kunsi

Funso: Ndili ndi Land Cruiser ya pikapu, ya dizilo, yomwe ndimanyamulira nsomba ndi chimanga pakati pa Makanjira ndi pa boma pa Mangochi. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha mwezi wamawa. Chaka chatha adandibweza, poyamba ati mabuleki akumbuyo sakugwira, kenako ati utsi wachuluka. Chonsecho galimotoyi sinagonepo m'matope, imadutsa pomwe anzanga atitimira. Ndikonze chiyani ndisanapite? Ena akuti ndingopereka kenakake kwa dobadoba, pepala lituluka galimoto ili pakhomo. (Wowerenga wa ku Malindi)

Yankho: Bambo, zoti galimoto yanu sinagonepo m'matope sindikutsutsa. Land Cruiser ya mtundu umenewo adaipangira misewu ngati ya ku Makanjira, ndipo imayendabe ngakhale zinthu zingapo zitatha kunsi kwake. Vuto lagona pomwepo. Kagalimoto kakang'ono, bushi imodzi ikangotha kamayamba kugogoda, mwini wake n'kuthamangira kugalaja. Yanuyi imapirira. Phokoso lonse limamezedwa ndi mabampu ndi kulira kwa injini, inu n'kumati zonse zili bwino. Tsono woyeza galimoto safunsa ngati imawoloka Lungwena madzi atadzaza. Iye akufuna adziwe kuti wakabaza akakhota mwadzidzidzi patsogolo panu potsika mlatho wa Bakili Muluzi, kodi galimoto iima, ndipo iima mowongoka? Usiku nyali zanu zikuwunika msewu kapena m'maso mwa dalaivala wa minibasi yochokera ku Liwonde? Mafunso ake ndi a pa tala, pomwe galimoto yanu imakhalira m'fumbi, mumchenga ndi m'madzi, ndipo zitatuzi zimadya ziwalo zomwezo zimene iye akudzayeza.

Musadikire sabata yomaliza. Yambani kudakali masabata atatu, chifukwa zipangizo zina muitanitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo zikabwera zolakwika mudzafuna nthawi yozibweza. Masipanala ayambe adikira, choyamba ndi madzi. Pitani nayo komwe amatsuka ndi payipi yamphamvu, muwauze anyamatawo kuti pamwamba palibe changu, atsuke kunsi: m'kati mwa chasisi, pamwamba pa thanki, kuseri kwa matayala, pakati pa masipuling'i, kuzungulira difu yakutsogolo ndi yakumbuyo. Muimirire pomwepo, chifukwa mukachokapo apukuta bodi iwale n'kusiya dothi la mvula yapitayi lili gwaa pomwe lidaumira. Zotsukira m'nyanja monga ena amachitira kumadoko, ayi. Mukulowetsanso mchenga komwe mukufuna kuuchotsa, komanso mukuthira oyilo pomwe amayi akutunga madzi. Ikauma, igone pa simenti yosesa bwino, kapena yalani makatoni kunsi kwake. M'mawa mudzaona dontho lililonse ndi pomwe lachokera.

Ikayera, funani nambala ya chasisi. Pa Toyota imadindidwa pa chitsulo cha chasisi chenichenicho, mbali ya kumanja. Woyeza amaiwerenga n'kuifananiza ndi yomwe ili m'kompyuta, ndipo ikakwiririka ndi dzimbiri nkhani imatha kukula mpaka kukafika kupolisi kuti atsimikize kuti galimoto si yakuba. Pukutani pang'onopang'ono ndi burashi ya waya, mupakepo kagirizi. Girenda isayandikire pamenepo, ndipo wina asakunamizeni kuti aidindenso ndi mapanchi kuti ioneke bwino. Kenako tengani kahamala muyende mukugogoda chasisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Nyanja yathu ilibe mchere, koma madzi otuluka m'nsomba ndi mu ayezi wosungunuka amatsikira m'ming'alu ya bodi n'kukhazikika pamwamba pa chasisi, pomwe dothi limawasunga miyezi yambiri. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimalira mogontha n'kuyoyoka makoko. Yang'anitsitsani pomwe masipuling'i akumbuyo amamangidwira ndi pozungulira bokosi la siteringi, chifukwa ming'alu imakonda kuyambira pamenepo. Mukapeza mng'alu, owotcherera odziwa aukonze ndi chigamba cha chitsulo chokhuthala. Kumata ndi pate n'kupakapo penti yakuda kumangoitana diso la woyeza, pakuti chasisi yakale yowala malo amodzi imadzinenera yokha.

Tibwere ku mabuleki, pomwe mudagwera chaka chatha. Kungomanga ndi kupopa sikokwanira, gululani madiramu onse awiri akumbuyo. Mukatsegula diramu ya galimoto yoyenda njira yanuyo, choyamba kugwa pansi ndi mchenga wosakanikirana ndi fumbi lakuda, wodzaza chikhatho. Timasipuling'i tobweza mashu (zitsulo zopindika zomwe zimafinya diramu mukaponda buleki) timakhala titafiira ndi dzimbiri, kagudumu kosendezera mashu katauma kosatembenukanso. Tukulani kalabala ka pa silinda yokankha mashu ndi sikuludiraiva. Mukapeza kunyowa m'katimo, silinda yatha. Ngati mashu ali noninoni ndi oyilo wonunkha wa difu, ndiye kuti silu ya ekiselo ndi yomwe yatha, ndipo mukasintha mashu okha osasintha silu, pakatha mwezi mubwerera pomwepo. Mashu omwa oyilo samatsukidwa ndi petulo n'kubwezeredwa, ngakhale ambiri amatero. Akatentha, oyiloyo amatulukanso. Chilichonse chomwe mwasintha kumanzere musinthenso kumanja, chifukwa makina oyezera amaonetsa mphamvu ya tayala lililonse palokha, ndipo mbali ziwirizi zikasiyana kwambiri mwalephera ngakhale mbali imodzi ikugwira ngati yatsopano.

Pali chinthu china chomwe amakaniko ambiri amachidumpha, ndipo pa nkhani yanuyi ndikukaikira pamenepo kuposa pena paliponse. Kunsi kwa bodi chakumbuyo kuli valuvu yomangidwa ku chasisi, ndipo kuchokera pa valuvupo pali kachitsulo kakatali kokafika pa ekiselo. Ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kachitsuloko kamakankha valuvu kuti mabuleki akumbuyo alandire mphamvu zambiri. Ikakhala yopanda kanthu, valuvu imachepetsa mphamvuzo kuti matayala akumbuyo asakhwekhwerezeke n'kuizunguza galimoto. Tsono inu onyamula katundu mumakonda kuwonjezera masipuling'i kuti galimoto isamagwade. Kumbuyo kukakwera, valuvu imayesa kuti m'bodi mulibe kanthu ngakhale mwasenza matumba a chimanga, ndiye mabuleki akumbuyo amangonyambita diramu. Mutha kugula mashu atsopano, masilinda atsopano, makina oyezera n'kumaonetsabe kuti kumbuyo kulibe mphamvu. Ngati mudawonjezera masipuling'i, kachitsuloko kayenera kusendezedwa molingana ndi msinkhu watsopano wa galimoto. Onaninso kuti sikadapindike ndi chitsa kapena kuuma ndi dzimbiri. Valuvuyo ili ndi potulutsira mpweya pakepake, ndipo popopa mabuleki anthu amapaiwala. Wina akakuuzani kuti angoichotsa n'kulumikiza payipi molunjika, kanani. Tsiku lina mudzatsika mapiri a ku Namwera mulibe katundu, mvula itanyowetsa tala, ndipo kumbuyo kwa galimoto kudzafuna kutsogola.

Mafuta a buleki, kaya ndi DOT 3 kapena DOT 4, amayamwa chinyezi. Akatha zaka ziwiri amayenera kutayidwa onse, osati kumangowonjezera pamwamba. Akadetsedwa n'kumwa madzi amawira msanga mabuleki akatentha, pedulo n'kumira mpaka pansi muli pakati pa mtsetse. Lizani injini, pondani pedulo mwamphamvu mugwire theka la mphindi. Ikamatsika yokha pang'onopang'ono, master cylinder, pampu yomwe pedulo imakankha, ikudontha m'kati ngakhale panja pali pouma. Pindani mapayipi a labala ndi zala muone ngati ali ndi ming'alu kapena potupa, ndipo tsatirani mapayipi achitsulo m'mbali mwa chasisi, makamaka pansi pa timahuku towagwira, pomwe dzimbiri limabisala. Kutsogolo, gululani matayala muyang'ane mapadi. Padi imodzi ikatha inzake idakali yonenepa, pisitoni ya mu caliper, chitsulo chofinyira mapadi pa disiki, yauma ndi matope, ndipo n'chifukwa chake galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda.

Handibuleki ya Land Cruiser ndi yaulesi kuyambira kale, aliyense woyendetsa amadziwa, ndipo mwala woika kuseri kwa tayala woyeza saulemba. Kulakwitsa kwa ambiri n'kumanga chingwe mpaka kuuma chonsecho mashu ali kutali ndi diramu. Yambani mwasendeza mashu, kenako masulani timikono ta kuseri kwa diramu tomwe chingwe chimakoka, chifukwa timauma ndi madzi. Chingwe chimangidwe pomaliza. Mukatha, imikani galimoto pa chitunda, giya ili pa nyutirolo, muone ngati igwira. Pezaninso msewu wafumbi wowongoka wopanda anthu, muthamange makilomita 30 kapena 40 pa ola, muponde mwamphamvu manja atagwira chiwongolero mopepuka. Tsikani mukaone mizere yomwe matayala asiya pansi. Tayala lomwe silidalembe kanthu ndi lomwe likubisala.

Komwe amayezera ndi makina, amazunguza ekiselo imodzi pa nthawi. Choncho kagiya kakang'ono kakhale pa H2 ndipo ma hub akutsogolo, timaloko ta pakati pa matayala, akhale pa FREE. Anthu ochokera kumchenga amafika ma hub adakali pa LOCK osadziwa n'komwe. Owerenga ena omwe ali ndi Prado kapena Defender ya mtundu wokoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse amuuziretu woyeza galimoto isanakwere pa makina. A Defender akumbukirenso kuti handibuleki yawo imagwira pa propshaft, chitsulo chozungulira chopereka mphamvu ku difu, ndiye siyenera kukokedwa matayala akuzungulira mwaliwiro.

Siteringi imafuna anthu awiri. Mmodzi akhale m'kati azigwedeza chiwongolero uku ndi uku pang'onopang'ono, matayala ali pansi, winayo agone kunsi dzanja lili pa tie rod iliyonse, mfundo za zitsulo zokhotetsa matayala. Yotha mumaimva ikudumpha m'chikhatho musanaione ndi maso. Labala yake ikang'ambika, sinthani ngakhale sinayambe kugwedera, pakuti mchenga walowa kale. Kenako kwezani tayala lakutsogolo ndi jeke, ikani chitsulo chochirikiza, musadalire jeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze. Likamagwedera, mnzanuyo aponde buleki inu mukugwedezabe. Kugwedera kukatha, ndi bering'i ya tayala, yomwe mwina ingofuna kutsukidwa, girizi watsopano ndi kumangidwa bwino. Kukapitirira, atha ndi mabering'i a pa knuckle, pomwe tayala limakhotera, ndipo imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Galimoto yomwe imanjenjemera chiwongolero ikangomenya dzenje pa tala, matenda ake amakhala pamenepa, kapena mabushi a mikono yogwira ekiselo. Ena amangogula damper (shoko ya siteringi) yatsopano, kunjenjemera n'kuchepa, koma chomwe chatha chili chithere.

Muli pomwepo, suzumirani kuseri kwa tayala, pa chibulunga chachitsulo chomwe tayala limakhotera. Chimayenera kukhala ndi kagirizi kochepa chabe. Mukachipeza chitakutidwa ndi zamadzimadzi zakuda zotsikira mpaka m'kati mwa rimu, silu ya m'kati yatha ndipo oyilo wa difu akusungunula girizi. Zimenezo zimakathera pa disiki ya buleki, ndipo woyeza wozolowera magalimoto amenewa amayamba kuyang'ana pomwepo.

Masipuling'i sinditaya nawo nthawi yambiri. Werengani masamba mbali zonse muone ngati lina lidathyoka pafupi ndi bawuti yapakati, mangani ma U-bolt, sinthani mabushi omwe afinyika n'kutuluka m'mbali. Shoko yonyowa ndi oyilo yafa. Gwedezani propshaft ndi manja, ikamagogoda sinthani makolosi, ndipo ponse pali nipo mupope girizi mpaka wakale atuluke.

Za oyilo wa difu woyeza sadzakufunsani, koma poti muli kale kunsi, masulani bawuti yothirira muviike chala. Difu imatentha poyenda, ndipo mukailowetsa m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kukoka madzi kudzera pa kapayipi kopumira kapena pa masilu. Oyilo womwa madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka. Mukapeza wotero, tayani lero lomwe, muonenso giyabokosi ndi transfer, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Aliyense amene adayendetsa m'misewu ya m'mbali mwa nyanja mu 2024, madzi atakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo, ndipo sadasinthe oyilo kuchokera nthawi imeneyo, akuyendera mwayi. Tsukaninso kapayipi kopumirako. Kakatsekeka ndi dothi, mpweya wotentha umasowa kotulukira n'kukankha oyilo pa masilu, ndipo mwina ndi komwe kudachokera oyilo wonyowetsa mashu uja.

Tsopano utsi. Ngati injini yanu ndi 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2 yopanda turbo, dziwani kuti ikakhala bwino simafuka kwenikweni, kupatula kautsi kochepa mukangoponda. Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Yambirani pa chotchipa, fyuluta ya mpweya. Fumbi la mwezi wa October pa msewu wa Makanjira limaitseka m'masabata ochepa, ndipo kuimenya pa tayala kapena kuipemerera ndi kompuresa yamphamvu kumangoiboola, fumbi n'kumalowa mu injini. Gulani yatsopano. Sinthaninso fyuluta ya dizilo, mutulutse madzi omwe amadikha pansi pake, makamaka ngati nthawi yosowa mafuta mudagulako a m'zigubu, omwe nthawi zina amakhala osakaniza ndi palafini kapena madzi. Utsi ukapitirira, manozo apite kwa oyeza ndi makina. Nozo yotha imadontheza dizilo m'malo momufaza. Ndipo dzifunseni ngati wina adakhudzapo sikuluwu ya pa pampu kuti galimoto izikoka kwambiri pa chitunda. Amatero ambiri, ndipo phindu lake ndi utsi, injini yotentha ndi dizilo wothera mumlengalenga. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, ndiye maring'i kapena masilu a mavaluvu atha. Woyera womwe sukutha injini itatentha ndi dizilo wosapsa bwino kapena madzi olowa m'silinda. Ziwirizi mankhwala a m'botolo sangazithetse, kaya wogulitsa alumbire bwanji. Ekizozi ikhale yomangika bwino, yopanda pobooka, makamaka pansi pa kabini pomwe utsi ungakulowereni.

Matayala ali ndi timizere topingasa m'kati mwa ngalande zake, totalika mamilimita 1.6. Mapazi a tayala akalingana ndi timizereto, latha. Kwa inu oyenda m'matope limakhala litatha kalekale lisanafike pamenepo. Koma matayala a magalimoto a kumudzi amafa kwambiri ndi mabala a m'mbali, obaya zitsa ndi miyala, choncho yang'anani mbali zonse ziwiri, yakunja ndi yam'kati. Chotupa m'mbali ndiye kuti ulusi wa m'kati waduka, ndipo pa tala wotentha wa Mangochi mwezi wa November tayala lotero silichedwa kuphulika. Pogula a kaunjika, werengani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, kotero 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kukhala ndi mapazi okongola koma labala itauma n'kung'aluka. Pa ekiselo imodzi pakhale matayala a saizi imodzi ndi mtundu umodzi, manati onse akhalepo, sipeya ikhale ndi mpweya. Ngati marimu anu ndi aja ogawika a 7.50R16 okhala ndi chubu, wopopa asaime moyang'anizana ndi mkombero wake. Zobwereka matayala a mnzanu tsiku loyeza n'kukabweza madzulo ndikuzidziwa, zimachitika. Amene mwamupusitsa pamenepo si woyeza, pakuti mawa lake iye sadzakwera nawo.

Nyali ziyake zonse: zazikulu, zapakona, maindiketa, za buleki, ya rivesi, ndi kanyali ka pa nambala puleti komwe aliyense amakaiwala. Pa magalimoto olowa m'madzi, nyali yofooka kapena indiketa yophethira limodzi ndi ya buleki kawirikawiri imakhala nthambo ya earth yochita dzimbiri kumbuyo kwa bodi. Palani pomwe yamangidwira mpaka chitsulo chiwale. Kuloza kwa nyali zazikulu mutha kukuyeza nokha madzulo. Imikani galimoto pamalo athyathyathya mamita 10 kuchokera pakhoma, yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, mulembe msinkhu womwewo pakhomapo. Mukayatsa dimu, malire a kuwala akhale pansi pa chilembocho ndi masentimita 10 kapena 12, ndipo mbali yokwera ya kuwalako ikhale kumanzere, poti kuno timayenda kumanzere. Nyali zopangidwira maiko oyenda kumanja zimakwezera kuwala kwa amene mukukumana nawo, ndiye pogula zatsopano funsani. Mababu a LED oikidwa m'nyali zopangidwira mababu akale amamwaza kuwala paliponse. Bwezeranimo oyenera. Nyali zowonjezera za pa bull bar kapena padenga zikhale ndi switchi yakeyake ndipo zizizima mukayatsa dimu.

Zotsalazi n'zazing'ono koma zabweza anthu ambiri. Hutala ilire. Mawaipa apukute, osati kungopaka matope, ndipo kabotolo ka madzi kapope. Galasi lakutsogolo lisakhale ndi mng'alu wodutsa pamaso pa dalaivala. Magalasi oonera kumbuyo akhalepo onse, malamba amange ndi kumasuka bwino, mipando ikhale yomangidwa ndi mabawuti, zitseko zitseguke kunja ndi m'kati popanda chingwe. Batire imangidwe ndi chitsulo chake, osati lekeni. Sipidomita igwire ntchito. Zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo, ndipo zikafwifwa ndi dzuwa matani zatsopano. Matirayango awiri ndi chozimira moto chomwe muvi wake uli pobiriwira zikhale m'kabini. Nambala puleti yopindika ndi madzi iwongoledwe kuti iwerengeke. Zitsulo za m'mbali mwa bodi ndi bull bar zikhale zolimba, zopanda nsonga zoti n'kukola munthu woyenda pansi.

Pa mapepala, inshuwalansi ikhale yamoyo, ndipo mutenge khadi lanu la ku Road Traffic ndi chiphaso cha umwini wa galimoto. Mbiri ya galimoto ili m'kompyuta za ku Road Traffic, mu dongosolo lotchedwa MalTIS: mwini wake, mtundu wa penti, nambala ya injini, nambala ya chasisi. Ngati mudasintha injini kapena penti osakalembetsa, kakonzeni zimenezo kaye, chifukwa zimatenga masiku. Ngati galimoto idakali m'dzina la amene adakugulitsani, chimodzimodzi. Chindapusa chilichonse chomwe simudalipire chithetseni. Ndipo ngati m'bodimo mumakwezamonso anthu olipira, monga zimachitikira njira imeneyo, dziwani kuti magalimoto onyamula anthu ali ndi zilolezo ndi malamulo awo okhwimirapo, ndipo inshuwalansi ya galimoto ya katundu simawateteza anthuwo.

Za dobadoba ndiyankha mosapsatira: musatero. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale yoyenera kuyenda, ndipo pepala ndi umboni chabe woti wina woyenera adaiona. Pepala lotuluka galimoto ili pakhomo limatha kukhala labodza, losapezeka m'kompyuta, wapolisi wa pa rodibuloko akalifufuza mlandu n'kukhala wanu, dobadoba atazimitsa foni. Likhale lenileni, ndiye kuti mwapereka chiphuphu, womwenso ndi mlandu. Ikachitika ngozi, galimoto imayezedwa ndithu, ndipo akapeza mashu omwa oyilo pa galimoto yomwe idalandira COF mwezi wathawu, a inshuwalansi amapeza poyambira kukana. Ndalama yomwe dobadoba akufuna iikeni pa masilinda ndi mashu. Pitani nokha ku Road Traffic kapena kumalo oyezera omwe boma lidawaloleza, funsani mtengo pa kauntala, lipirani komwe akuuzani, ndipo lisiti likhale m'manja mwanu.

Tsiku loyeza, tsitsani katundu yense, sesani m'bodi kuti musanunkhe nsomba, bwezerani mpweya wa pa tala m'matayala ngati mudauchepetsa poyenda mumchenga. Musanakalowe pamzere, ithamangitseni pa tala kwa mphindi 20, kulowera njira ya ku Monkey Bay kapena ya ku Liwonde, injini itenthe bwino ndipo mwaye wa mu ekizozi utuluke. Injini ya dizilo yomwe yakhala ikungoyenda pang'onopang'ono m'mabampu imalavula mwaye wonsewo nthawi yomwe woyeza waponda mafuta. Paulendo womwewo pondani mabuleki kangapo kuti mashu atsopano akhazikike pa diramu, chifukwa mashu ongomangidwa dzulo sagwira mokwanira. Mababu awiri ndi mafyuzi zikhale m'thumba, poti babu limatha kupsa muli pamzere.

Akakubwezaninso, musakangane nawo. Pemphani kuti akulembereni zonse zomwe apeza, ndi manambala omwe makina aonetsa pa tayala lililonse, ndipo funsani masiku omwe mwapatsidwa kuti mubwererenso. Pepala limenelo mupite nalo kwa makaniko. Likaonetsa kuti tayala limodzi lakumbuyo ndi lofooka, ayambire m'diramu ya mbali imeneyo. Likaonetsa kuti onse awiri ndi ofooka mofanana, ayambire pa valuvu ija.